Disembala Wofiira pa Fakitale ya Zinanazi

Bambo Samueli Namacha anabwerako ku Blantyre Lachisanu lina m'mwezi wa Ogasiti nkhope ili ngwee. Mu ofesi mwawo sanalowemo n'komwe. Anangotsika galimoto n'kulunjika kwa Janeti Nampeya, akauntanti wa pa fakitale yawo.

"Janeti, mavuto athu atha," anatero akukhala pa ngodya ya tebulo. "Ndagula sisitemu."

"Sisitemu ya chiyani, abwana?"

"Ya zonse. Bajeti, mapulani, kulosera zam'tsogolo. Ndaiona ndi maso angawa ku chionetsero cha zamalonda. Ukangodina imakuuza mabotolo amene udzafune mu Disembala, shuga, dizilo, aganyu, chilichonse. Zinthu zikamayenda bwino imaonetsa zobiriwira. Ine ndikufuna zobiriwira zokhazokha. Ndipo woiyendetsa ndiwe."

Janeti anavomera, poti kwa a Namacha kunalibe kokanira. Mumtima anadziwa kuti vuto la pa fakitalepo silinali la kompyuta, koma anangoti aone.

Fakitaleyo inali yopanga juwisi wa zinanazi, pafupi ndi Chinakanaka, m'mbali mwa msewu wopita ku Muloza. A Namacha anaimanga atapuma ntchito ku esiteti ya tiyi. Alimi a m'munsi mwa phiri ankabweretsa zinanazi panjinga ndi pamutu, ndipo juwisi ankapita ku boma, ku Luchenza, ku Limbe, komanso ku depoti yawo ya ku Muloza, komwe amalonda a ku Milange ankabwera kudzapikula. Mwezi waukulu unali Disembala. Zinanazi zimapsa nthawi imodzi m'mwezi umenewu, ndipo anthu nawo amafuna zakumwa za Khrisimasi ndi za maukwati.

Disembala wa chaka chapitacho ndiye anawononga zinthu. Zinanazi zinaunjikana pabwalo mpaka kuyamba kuwola, fungo n'kufika pamsewu, pomwe ku Muloza makasitomala ankabwerera chimanjamanja. Pa msonkhano wounika zimenezi, a Golden Makawa, mkulu woyang'anira makina ndi kupanga juwisi, ananena kuti a zogulitsa amalonjeza anthu mvula ya mu Okutobala. Mayi Mwanahalima Osman, mkulu wa zogulitsa, anayankha kuti a kumakina amalandira malipiro ogonera. Kuyambira tsiku limenelo awiriwa sanalankhulanenso. Maofesi awo analekana ndi khoma limodzi la bolodi, moti wina akayetsemula mnzake ankamva, koma uthenga uliwonse unkadzera kwa Janeti.

"Janeti, kawauzeni a zogulitsa kuti lole yadzaza."

"Mwanangu, kawauze a kumakinawo kuti ndamva."

Sabata yotsatira kunabwera Hopewell, mnyamata wa kukampani yomwe inagulitsa sisitemuyo, atavala nsapato zoyera zomwe fumbi la pa Chinakanaka linazisandutsa zofiirira dzuwa lisanafike pamutu. Anayamba ndi kusaka netiweki. Anaipeza pawindo la chipinda chamisonkhano loyang'ana kuphiri, ndiye tebulo lonse analikankhira komweko. Kenako anaphunzitsa.

"Nkhani yake ndi yophweka," anatero. "Mayi Osman, inu muzilemba apa juwisi amene mukuyembekezera kugulitsa mwezi uliwonse. Bambo Makawa, inu muzilemba apa amene makina angathe kupanga. Sisitemu izilumikiza ziwirizi, n'kuwerengera mabotolo, zotsekera, shuga ndi maulendo a lole. A Janeti aziona bajeti yonse pamodzi. Zikagwirizana, mwezi ukhala wobiriwira. Zikasiyana pang'ono, wachikasu. Zikasiyana kwambiri, wofiira. Pansipa pali malo olembapo ndemanga ngati mukufuna kufotokozerana."

A Makawa anakhala kumapeto kwa tebulo, mayi Osman kumapeto enawo, aliyense akugwedeza mutu ngati mwana wasukulu womvera. Hopewell anabwerera ku Blantyre wosangalala. Anamunong'oneza Janeti kuti sanaonepo anthu ogwira zinthu msanga chotere.

Ntchito yolowetsa zinthu zakale mu sisitemu inamugwera Janeti. Inali yotopetsa. Botolo limodzi lomweli kusitolo ankalilemba kuti "laling'ono," kumakina "la theka," ku Muloza "la ana asukulu," ndipo sisitemu inkaliona ngati mabotolo atatu osiyana. Anakonza zonsezo pang'onopang'ono mothandizana ndi Millie wosunga sitolo. Pofika pakati pa Sepitembala, miyezi yambiri inali biriwiri. Anthu anali atalemba manambala awo, kupatula a Disembala.

Mayi Osman ndiwo anayamba. Analemba nambala yaikulu ya Disembala, ndipo tsamba la a Makawa linafiira psuu. A Makawa ataona zimenezo analowa nawo, n'kutsitsa nambala ya makina, n'kuonjezapo masiku okonza makinawo pakati penipeni pa mwezi. Tsamba la mayi Osman nalo linafiira. Kenako onse awiri anatulukira ntchito ya malo a ndemanga aja.

"Tikukumbutsa a kumakina," analemba mayi Osman, "kuti makasitomala samwa zifukwa. Amamwa juwisi."

Yankho silinachedwe. "Tikuthokoza a zogulitsa chifukwa cha maloto awo okoma. Tsoka lake makina athu sayendera maloto. Amayendera magetsi."

"Magetsi akazima ena amaliza jenereta. Ena amaliza mkonono."

"Amene amatandala pa Muloza akumwa tiyi wa makasitomala asatiphunzitse ntchito."

Chimene awiriwa sanadziwe n'chakuti Hopewell anasiya ndemangazo poyera, moti aliyense wokhala ndi pasiwedi ankatha kuziwerenga. Millie anali nayo pasiwedi. Nthawi ya nkhomaliro ankakhala pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa fakitale, foni ili m'manja, n'kumawerengera osenda zinanazi ndi madalaivala, akusintha mawu kuti afanane ndi a mwini ndemanga. Anthu ankaseka mpaka kutsamwa. Ena anasiya kupita kukadya kumsika kuopa kuphonya. Panabadwa ndi magulu awiri, la a Makawa ndi la mayi Osman, ndipo m'mawa anthu ankafunsana kuti, "Ayankha?"

Janeti naye ankaseka, koma kuseka kwake kunali ndi polekezera. Kampani yopanga mabotolo inkafuna kumva kuchuluka kwa mabotolo a Disembala mwezi wa Okutobala usanafike pakati, apo ayi adzaima kumbuyo kwa mzere. Alimi nawo anayamba kufunsa ngati chaka chino zinanazi zawo zidzagulidwe zonse. Popanda nambala imodzi yogwirizana, Janeti analibe choyankha aliyense.

Anamuimbira Hopewell.

"Achimwene, sisitemu yanuyi singasankhe yokha nambala yoona pakati pa ziwirizi?"

"Ingathe kulosera potengera malonda a chaka chatha," anayankha Hopewell.

"Chaka chatha tinagulitsa zochepa chifukwa juwisi kunalibe, osati chifukwa anthu sankamufuna."

"Ndiye idzalosera kuti chaka chinonso muwoletse zinanazi. Pepani, achemwali. Ife tinagulitsa pulogalamu yowerengera. Yoyanjanitsa anthu sitinaipangebe."

Janeti anayesa kulankhula ndi aliyense payekha. A Makawa anamuuza kuti iwo ndi munthu wa chilungamo, sangalembe nambala yoti makina sangaikwanitse. Mayi Osman anati iwo amayang'anizana ndi makasitomala maso ndi maso, sangachepetse nambala pofuna kusangalatsa munthu waulesi. Janeti anaona kuti onse awiri sankanama. Aliyense ankadziwa bwino mbali yake, koma a Makawa anali asanapondepo pa depoti ya ku Muloza, ndipo mayi Osman ankangodutsa pakhomo la fakitale atatseka mphuno.

Anapita kwa a Namacha, amene masiku amenewo ankatsegula laputopu m'mawa uliwonse, kuyang'ana Disembala, n'kuitsekanso mokwiya.

"Abwana, ndili ndi ganizo. Tiwasinthanitse. A Makawa alembe nambala ya zogulitsa, mayi Osman alembe ya makina. Koma aliyense ayambe wakatandala tsiku lathunthu kuntchito ya mnzake."

A Namacha anakanda chibwano. "Zibiriwira?"

"Sindingalonjeze. Koma mmene zililimu sizingafiire kuposa apa."

Tsiku lotsatira a Namacha anaitana awiriwo n'kulengeza ganizolo ngati lawo, n'kuonjeza kuti ndi mmene amachitira makampani akuluakulu. Janeti sanatsutse. A Makawa anati palibe chovuta, kugulitsa juwisi angagulitse ndi mwana yemwe. Mayi Osman anauza Janeti, a Makawa ali pomwepo, kuti awauze a kumakinawo kuti akonze jombo za saizi yawo.

A Makawa anapita ku Muloza pa tsiku lamsika, Janeti atawaperekeza pa kagalimoto ka kampani. Njira yonse ankadandaula kuti akutaya tsiku. Atafika anapeza kachipinda ka depoti katazingidwa ndi njinga. Akabaza ankamangirira makireti atatuatatu kumbuyo n'kulowera kuchipata cha malire akuliza mabelu. Osintha ndalama ankaitanira uku, ogulitsa nsomba zouma uko, Chichewa, Chilomwe ndi Chipwitikizi zikusakanikirana. Wogulitsa pa depotiyo atangonena kuti bambo awa ndi amene amapanga juwisi, anthu anawaunjirira.

"Ndinu patarawu wa sumu?" anafunsa mayi wina wojintcha, wa ndolo zikuluzikulu, akuwagwira dzanja ndi manja awiri. M'kalankhulidwe ka kutsidya kwa malire, patarawu ndi bwana, sumu ndi juwisi. Dzina lake anali dona Emma, wa ku Milange, ndipo ntchito yake inali yophikira anthu pa maukwati ndi maphwando. "Bambo inu, chaka chatha munandichititsa manyazi. Ukwati wa mwana wa munthu wodziwika, alendo thithithi, ine kuwapatsa thobwa lokha. Koma sumu wanu ndi wabwino, amigo. Kwathu kulibe wofanana naye."

A Makawa, amene zaka zonsezi ankangomva phokoso la makina ndi madandaulo, anayamba kumwetulira. Dona Emma anawakhazika pabenchi, anawagulira fanta ya kutsidya, n'kuwawerengera maukwati amene anali nawo mu Disembala. Anadandaulanso kuti tsiku la phwando ana ake amatha m'mawa wonse akutsegula timabotolo n'kumakhuthulira m'ndowa, zala mpaka kuchita matuza, chifukwa alendo amamwera m'makapu. A Makawa anaseka nazo zimenezo. Kenako kunabwera ena: wa golosale, wa malo ogona alendo, mkulu wa kwaya ya tchalitchi. Aliyense ankafuna juwisi, ndipo aliyense ankawatcha injiniya.

Pobwerera sanadandaulenso. Anangoyang'ana minda ya tiyi pawindo n'kunena kuti, "Janeti, kuli msika uku."

Mayi Osman analowa m'fakitale Lachisanu m'mawa. Anawaveka jombo, chovala choyera, ndi kachipewa pamwamba pa mpango wawo. A Makawa anakana kuwaonetsa malo, ndiye anawayendetsa ndi Janeti. Anaona amayi osenda zinanazi, mipeni ikungong'anima. Anaona makina ofinya akumeza zinanazi ngati sakukhuta, ndi thanki yowiritsira juwisi itadzaza.

"Ndiye vuto lili pati?" anafunsa. "Juwisi ndi uyu wadzazayu."

"Tiyeni kutsogoloku," anatero Janeti.

Kumapeto kwa mzere kunali makina otsekera mabotolo, akale, ogulidwa kwa kampani ina yomwe inatseka. Mabotolo ankafika pamenepo n'kuima pamzere ngati anthu a kuchigayo. Makinawo ankatseka limodzi, kupuma, kutseka lina. Pakapita kanthawi chotsekera chinkapindika n'kukakamira, ndipo woyendetsa makinawo ankazimitsa, kuchotsa ndi waya, kuwamenya kambama pambali, n'kuyatsanso. Nthawi yonseyo thanki ija inkangodikira, ofinya n'kuima, osenda nawo n'kuika mipeni pansi.

Mayi Osman anaima pamenepo nthawi yaitali, thukuta likutsika. Masana magetsi anazima. Anaona a Makawa akuthamangira ku jenereta, malaya atanyowa kumsana, kenako n'kubwerera kudzagwada pansi pa makina otsekera aja ndi sipanala. Povula jombo madzulo anangoti, "Mwanangu, makina awa akufunika kupita nawo kwa asing'anga."

Lolemba m'mawa Janeti anatsegula laputopu pawindo paja mtima uli m'malo. Anayang'ana Disembala, anapukuta magalasi, n'kuyang'ananso. A Makawa anali atalemba nambala ya zogulitsa yoposa imene mayi Osman analemba poyamba. Mayi Osman anali atalemba nambala ya makina yochepa kuposa imene a Makawa ankaumirira. Mpata unali utakula kuposa kale.

Anaseka mpaka misozi, Millie n'kusuzumira pakhomo kuti aone ngati kuli bwino. Atatha kuseka mantha anamugwira. Sabata yoyitanitsa mabotolo inali yomweyo, ndipo ganizo losinthanitsa anthu linali lake, ngakhale a Namacha analitenga. Anadziwa kuti likalephera libwerera kwa mwini wake.

Anaitanitsa msonkhano m'mawa womwewo. Anaonetsa tsambalo pakhoma kuti aliyense aone. A Namacha anagwira m'mutu.

Mayi Osman ndiwo anayamba kulankhula, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yonseyi sanayang'ane kwa Janeti. Anayang'ana a Makawa.

"Bambo Makawa, nambala imeneyi mwaitenga kuti? Mukufuna kupha anthu? Makina aja mukuwadziwa inu?"

"Ine ndisawadziwe makina anga? Inuyo mayi, mwatsitsa chonchi bwanji? Mukufuna dona Emma adzagawenso thobwa? Anthu akulira juwisi ku Muloza!"

"Mukundiuza ine za ku Muloza? Theka la anthu amene anakuzungulirani aja amangolankhula. Wa kwaya uja chaka chilichonse amalonjeza makireti, kudzagula awiri."

"Nanunso makina munawaona tsiku loipa. Lachisanu tinali ndi zotsekera za kampani ina, zolimba. Masiku ena amayendako bwino."

"Amayendako bwino! Ndinawaona akumenyedwa mbama ngati mwana wakuba ndiwo."

A Namacha anafuna kulowererapo, koma Janeti anawakodola kuti awasiye. Awiriwo anakangana kwa kanthawi ndithu, aliyense akuikira kumbuyo ntchito ya mnzake n'kumachepetsa yake. Pang'onopang'ono manambala anayamba kuyandikana. Mayi Osman anatchula makasitomala odalirika ndi ongolankhula, a Makawa n'kuvomera kutsitsa. A Makawa anafotokoza masiku amene makina amayenda bwino, mayi Osman n'kukwezako. Janeti ankangosintha mu sisitemu mwakachetechete. Komabe atamaliza, Disembala anali akadali wofiira.

"Basi, tigule makina atsopano otsekera," anatero a Namacha mofooka.

"Sangafike chaka chino, abwana," anayankha a Makawa. "Amachokera kunja."

Mayi Osman anapukusa mutu. "Chimandiwawa n'choti juwisi alipo. Thanki imakhala yodzaza, kungodikira timabotolo timeneti kuti titsekedwe kamodzikamodzi."

"Timabotolo take tomwe kutsidyaku amangotsegula n'kukhuthulira m'ndowa," anatero a Makawa akuseka. "Dona Emma akuti ana ake mpaka matuza."

Mayi Osman anawatembenukira.

"Mwati amakhuthulira m'ndowa?"

"Eya, pa maukwati. Simudziwa?"

"Ndimadziwa, koma sindinkadziwa kuti chimatichedwetsa ndi chotsekera. Bambo Makawa, thanki ija ili ndi mpopi pansi. Chigubu cha malita asanu chingafune makina aja?"

A Makawa anaganiza. "Ayi. Chimenecho timathira pampopi juwisi akadali wotentha, kutseka ndi manja, kumata. Anthu awiri akwanitsa."

"Janeti," onse awiri anaitana nthawi imodzi.

Janeti anali atayamba kale. Sisitemuyo inali ndi malo oyesera, momwe munthu ankatha kusintha zinthu n'kuona zotsatira popanda kuwononga bajeti yeniyeni. Hopewell anawaonetsa malowa pophunzitsa, koma panalibe amene anawagwiritsapo ntchito. Janeti anaonjezamo katundu watsopano, chigubu cha malita asanu. Mayi Osman anatchula makasitomala amene angakonde zigubu: ophikira maphwando, matchalitchi, misikiti pa zikondwerero, malo ogona alendo a ku Likhubula. A Makawa anatchula aganyu oonjezera ndi nthawi yothira. Janeti anadina. Netiweki inazungulirazungulira, onse anayi ataweramira pa laputopu.

Disembala anasanduka wachikasu.

"Chikasu?" anatero a Namacha. "Ine ndinagula zobiriwira."

Janeti anatsegula kuti aone chatsala. Juwisi tsopano ankakwana, koma lole yawo imodzi sikanatha kumunyamula yense. Anayesa kuonjeza lole yahayala ya mwezi umodzi. Mbali ya mayendedwe inabiriwira, koma ya phindu inachita chikasu. Anachotsa lole, zinabwerera pakale.

"Abwana, kubiriwitsa ndingabiriwitse pompano," anatero Janeti. "Ndingolemba kuti lole yathu imayenda maulendo ambiri kuposa amene imayenda. Koma pofika Disembala zigubu zidzakhala pabwalo."

A Namacha anang'ung'udza kuti anawononga ndalama pa chinthu chosamvera mwini wake. Mayi Osman anawaseka.

"Abwana, inu ndi munthu wa zinanazi. Chinanazi chobiriwira mumachigula? Chakupsa ndi chachikasu."

A Namacha anayesa kuumitsa nkhope koma zinakanika. Anavomera lole yahayala ya masabata awiri a Khrisimasi okha, ndipo madzulo a tsiku lomwelo Janeti anatumiza oda ya mabotolo, yocheperapo kusiyana ndi chaka chatha, pamodzi ndi oda ya zigubu.

Ntchito sinathere pamenepo. Zigubu zinkafuna zikalata zakezake zomata, ndi chilolezo cha katundu watsopano, chomwe Janeti anachiyendera ku Blantyre maulendo angapo. Zigubu zoyamba kuthiridwa zinafufuma ndi kutentha, a Makawa n'kukhala sabata akuyesa mpaka anapeza katenthedwe koyenera. Janeti anakhazikitsa lamulo loti Lolemba lililonse awiriwo azikhala naye pawindo paja n'kukonzanso manambala limodzi. Kukangana sanasiye. Kusiyana kwake kunali koti tsopano ankakangana pamaso, zikatha n'kumwera limodzi tiyi. Gulu la pansi pa mtengo wa mapeyala ndi lomwe linadandaula, chifukwa ndemanga za mu sisitemu zinasanduka zouma: "Shuga wafika." "Lole inyamuka Lachitatu." Millie anati a Janeti awononga chisangalalo cha anthu osauka.

Disembala atafika, zinthu sizinayende ndendende monga mwa pulani. Sabata yachiwiri kunagwa mvula yamphamvu masiku otsatizana, misewu ya kutsidya inaterera, akabaza anachepa, ndipo maukwati ena anawasuntha. Zigubu zinayamba kuunjikana pa depoti ya ku Muloza. Chaka chapitacho nkhani yotere ikanamveka patatha mwezi, pa msonkhano wolozana zala. Ulendo uno mayi Osman anatsitsa nambala ya ku Muloza Lolemba m'mawa, sisitemu inaonetsa zigubu zotsala, ndipo pofika masana anali atagwirizana zotembenuzira lole yahayala ija ku Limbe, komwe masitolo awiri anali atafunsapo za zigubuzo. A Makawa anachepetsa kuthira zigubu kwa masiku ochepa, n'kubwezera anthu kumabotolo.

Zinanazi zina zinawolabe, makamaka sabata ya mvulayo pamene alimi anabweretsa zambiri nthawi imodzi poopa kuti ziwonongekera kumunda. Koma unali mulu waung'ono, woti wa nkhumba wina wa pa Chinakanaka anaututa ndi ngolo tsiku limodzi. Mvula itakata, njinga zinabwerera pa Muloza, ndipo sabata ya Khrisimasi zigubu zinatha zonse. Nambala imene inatuluka kumapeto kwa mwezi sinafanane ndi ya a Makawa, ya mayi Osman, kapena ya sisitemu. Inagwera chapakati, ndipo aliyense ananena kuti inayandikira yake.

Mu Januwale dona Emma anatumiza uthenga kuti akukwatitsa mwana wake wamkazi, ndipo anthu a kufakitale asalephere. A Namacha anapereka kagalimoto. Anapita atatu, a Makawa atavala suti yomwe inkaoneka kuti inasokedwa asananenepe, mayi Osman atanyamula mphatso ya mapoto, Janeti atakhala pakati. Anadindisa mapepala pachipata n'kulowa mu Milange dzuwa likuswa mtengo.

Phwando linali pabwalo lalikulu, pansi pa matenti. Pakona panali tebulo lalitali, zigubu zawo zitandandalikidwa, atsikana akuthira m'makapu. Dona Emma anawalandira ndi nthungululu, n'kuwalengeza pa chimkuzamawu kuti eni ake a sumu afika kuchokera ku Malawi. A Makawa anaimirira n'kugwedeza manja mbali zonse. Nyimbo zitayamba anali oyamba kulowa m'bwalo, jekete atapatsa Janeti kuti awasungire. Mayi Osman sanavine. Anazungulira matenti akucheza ndi amayi ophika, ndipo pobwerera pampando anali ndi manambala a foni a anthu atatu ofuna zigubu za Pasaka.

Janeti anakhala pamthunzi, kapu ili m'manja, akuonerera. Mlongo wake wa mkwatibwi, mnyamata wamtali wa malaya amaluwa, anabwera kudzamupempha kuti akavine. Iye anakana, nati akusunga jekete la abwana.

"Bweretsa kuno jeketelo, mwanangu," anatero mayi Osman akulilanda. "Wakhala pampando chaka chonse. Pita."

Janeti anamaliza juwisi wake, anavula magalasi n'kuwaika m'chikwama, ndipo analowa m'bwalo.